Musalipirire mphepo: kapakiridwe ka pikapu ndi ngolo yake

Aliyense amene anapikulapo tomato kapena kabichi pa Namadzi n'kupita naye ku Limbe amaudziwa mkangano wa m'mamawa uja. Mwini pikapu akuti mtengo wa dengu limodzi wakwera chifukwa mafuta akwera. Amalonda akuti ife tikakwezera pati, poti ogula nawonso akulira. Onsewa amakhala akunena zoona. Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza dizilo kufika pa K2,734 pa lita, petulo pa K2,530. Mu Okutobala 2025 dizilo anafika pa K3,500 ndipo petulo pa K3,499.

Mtengo wa pa pampu sitingausinthe ife. Chimene tingasinthe ndi kuchuluka kwa malita amene galimoto ikumwa pa ulendo umodzi. Ambiri tikamaganiza za mafuta timangowerengera kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa mtunda. Koma pali chinthu chachitatu chimene chimamwa mafuta tsiku ndi tsiku popanda wochifunsa, ndicho mphepo imene galimoto imalimbana nayo ikamathamanga. Phunziro la sabata ino ndi la eni mapikapu, madalaivala awo, komanso inu amalonda amene mumachita hayala, chifukwa mapeto ake ndalama ya mafutayo imachoka pa dengu lanu.

Mphepo imalemera bwanji?

Funsani wakabaza wa njinga yakapalasa. Akanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 amatopa pa chitunda, koma pa msewu wosalala amayenda bwinobwino. Mupatseni matiresi awiri, amene kulemera kwake sikufika ngakhale theka la thumbalo, awamange moimika kumbuyo kwake, muona akupalasa thukuta lili kamukamu ngakhale pamalo posalala. Chamutopetsa si kulemera ayi, koma kukula kwa malo amene mphepo ikumenyapo.

Galimoto nayonso n'chimodzimodzi. Kuti iyende iyenera kukankha mpweya umene uli kutsogolo kwake, ndipo kumbuyo kwake kumatsala mpweya wozungulirazungulira umene umaikoka ngati ikubwezedwa. Mphamvu imene imathera pa nkhondo imeneyi imadalira zinthu zitatu: kukula kwa nkhope ya galimoto pamodzi ndi katundu wake mukaiyang'ana muli kutsogolo, kusalala kwa maonekedwe ake, ndi liwiro.

Tiyambe ndi nkhope. Pikapu ya tani imodzi, monga Toyota Hilux kapena Isuzu KB, ndi yotambalala pafupifupi mamita awiri kuchotsako pang'ono. Mukasanja madengu n'kupitirira denga la kumutu ndi mita imodzi, mwawonjezera malo aakulu ngati chitseko chathunthu cha nyumba chogonekedwa cham'mbali. Tangoganizani mwanyamula chitseko pamutu mopingasa n'kumathamanga nacho molunjika mphepo. Ndi zimene injini ikuchita kuchoka pa Namadzi, kudutsa pa Mbulumbuzi ndi pa Njuli mpaka kukafika ku Limbe.

Liwiro ndiye mbava yaikulu

Apa ndi pamene pali masamu ofunika kuwasunga pamtima. Kukankha kwa mphepo sikukwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Kuchoka pa makilomita 40 pa ola kufika pa 80, mphepo imakankha kanayi kuposa poyamba. Kuchoka pa 60 kufika pa 80, imakankha pafupifupi kawiri, kuchotsako pang'ono. Kuchoka pa 60 kufika pa 100, imakankha pafupifupi katatu.

Izi sizikutanthauza kuti mafuta onse awirikiza katatu, chifukwa mafuta ena amathera pa kulemera kwa katundu, pa matayala ndi mu injini momwemo. Pamene mukuyenda pang'onopang'ono m'misewu yafumbi yochokera m'minda, kapena pamene mukukwera chitunda ndi giya yaikulu, chimene chimamwa mafuta kwambiri ndi kulemera. Koma mukangolowa mu tala wa M3 n'kuyamba kuponda, gawo la mphepo limakula mofulumira, ndipo katundu akakhala wosanjidwa m'mwamba limakula msanga kuposa apo.

Tsono tione chimene kuthamangako kumatigulira. Tiyerekeze kuti ulendo ndi wa makilomita 40. Pa liwiro la 80 mufika m'mphindi 30. Pa liwiro la 60 mufika m'mphindi 40. Kusiyana kwake ndi mphindi 10 zokha, ndipo pa msewu weniweni, pomwe pali mahampu, maminibasi oima paliponse ndi anthu odutsa m'matauni a m'njira, kusiyanako kumachepa kuposa apo. Ngati mukuopa kuti opikula a ku Limbe mukawapeza atagula kale kwa ena, mankhwala ake ndi kunyamuka mphindi 15 mofulumirirapo, osati kuponda moto. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pa nkhani ya mafuta mawuwa amawerengeka ndi makwacha.

Musaiwalenso mphepo ya nyengo. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba ndipo chiperoni chakuta mapiri a Chiradzulu, galimoto yolowera ku Limbe imakumana ndi mphepo cham'mbali kapena chakutsogolo. Ngati mukuyenda pa 70 ndipo mphepo ikuwomba molunjika inu pa liwiro la 20, galimoto imamva ngati ikuyenda pa 90, ndipo kukankhako kumakwera ndi gawo loposa theka. Tsiku lotere ndi lofunika kuchepetsa liwiro ndi kutsitsa katundu kuposa masiku onse.

Kapakiridwe kopulumutsa mafuta

Lamulo loyamba ndi loti katundu abisale kumbuyo kwa mutu wa galimoto. Mutuwo waboola kale njira mu mphepo, ndipo chilichonse chimene chili pansi pa denga lake chimadutsa m'njira yomweyo osalipira zambiri. Chimene chatumphuka pamwamba kapena chatulukira m'mbali chimayenera kudziboolera njira yakeyake.

Zolemera monga matumba a chimanga, nandolo ndi mbatata zikhale pansi ndiponso kufupi ndi mutu. Zopepuka koma zazikulu monga mabeseni a pulasitiki, zidebe ndi madengu opanda kanthu zilowetsedwe china m'chinzake, osati kuzimangirira m'mbali ngati makutu a njovu. Matiresi ndi malata zigone chafulati ndipo zimangidwe kutsogolo kuti mphepo isalowe pansi pake n'kuzinyamula.

Ngati katundu wachuluka moti simungachitire mwina koma kupitirira denga, msanjeni mokwera pang'onopang'ono. Mzere woyamba ukhale wofanana ndi denga, wachiwiri ukwere pang'ono, pakati pakhale ndiye pamwamba, kenako atsike chakumbuyo, ngati msana wa kamba. Khoma loongoka loyang'anana ndi mphepo ndiye loipitsitsa.

Tenti kapena lona amathandiza pokhapokha atakokedwa bwino. Lona womangidwa zolimba amasalaza mabampu a madengu ndipo mphepo imangotsetsereka. Lona wolendewera amene akukupiza, kapena amene watseguka kutsogolo n'kufufuma ngati thanga la ngalawa, amakoka galimoto m'mbuyo, amang'ambika msanga, ndiponso amakwapula tomato wa pamwamba n'kumuphwanya. Yambani kumanga kutsogolo, mupinde m'mphepete mwake kulowetsa pansi pa katundu, kenako muzikoka chakumbuyo. Mukayenda makilomita angapo imani pamalo abwino muonenso zingwe, chifukwa katundu akakhazikika zimalefuka.

Za anthu okhala pamwamba pa katundu, tisabise mawu. Amawonjezera malo omenyapo mphepo, inde, koma chachikulu n'chakuti galimoto ikagunda bampu kapena ikakhota mwadzidzidzi iwowo ndiwo amayamba kugwa. Gwirizanani kuti mmodzi kapena awiri akhale kutsogolo ndi dalaivala kuyang'anira katundu wa onse, otsalawo akwere minibasi.

Pobwerera opanda katundu, madalaivala ena amatsegula chitseko cha kumbuyo kwa bodi poganiza kuti mphepo izidutsa bwino. Sizithandiza. Chitsekocho chikakhala chotseka, m'bodi mumakhala mpweya wozungulira umene umakhala ngati pilo, ndipo mphepo ina imadutsa pamwamba pake. Tsekani chitseko, pindani lona, madengu opanda kanthu muwalowetsane n'kuwagoneka pansi.

Nanga ngolo yokoka?

Eni mapikapu ena amalumikiza ngolo ya matayala awiri kumbuyo kuti anyamule zambiri pa ulendo umodzi. Funso limene amalonda amafunsa ndi loti kodi ngoloyo imapindulitsa kapena imangowonjezera mafuta. Yankho lili pa msinkhu wake ndi kudzaza kwake.

Ngolo yaifupi ndi yopapatiza kuposa pikapu imayenda mobisala m'njira imene galimoto yaboola kale. Imawonjezera kulemera ndi matayala awiri okhudza msewu, choncho mafuta amakwera ndithu, koma mphepo siyiipeza kwambiri. Nthawi zambiri ndi bwino kutsitsa katundu amene akanatumphuka pamwamba pa denga n'kumuika m'ngolo yotere, chifukwa galimoto imakhalanso yosavuta kuiwongolera pokhota. Koma ngolo yotalika kuposa denga la pikapu, ya khoma loongoka kutsogolo, imakhala ngati mwayendetsa magalimoto awiri ndi injini imodzi. Ngati pikapu ilibe katundu ndipo ngolo ndiyo yasanjidwa m'mwamba, mphepo imatsika kuchoka padenga, kudutsa m'bodi, n'kukamenya khomalo mwamphamvu. Choncho dzazani bodi poyamba kufika pa msinkhu wa denga, kenako ngolo ikhale yofanana nayo kapena yotsikirapo.

Mpata wa pakati pa galimoto ndi ngolo nawonso uli ndi mtengo wake. Ukakula, mphepo imagweramo n'kumazungulira. Mukamawotcheretsa ngolo kwa amisiri, chitsulo chokokera chisatalike kuposa mmene chikufunikira kuti muzikhota bwino popanda ngolo kugunda galimoto. Ngati ngoloyo ili ndi makoma aatali, uzani mmisiri apendeketse khoma la kutsogolo kapena azungulize ngodya zake.

Tsopano masamu. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu, komanso mtengo wa mafuta wa tsiku limenelo. Tinene kuti kupita ndi kubwera ndi makilomita 80, lita ndi K3,500, ndipo pikapu yokha yanyamula makireti 40 n'kumwa malita 8. Mafuta ndi K28,000, kutanthauza K700 pa kireti. Mukalumikiza ngolo yaifupi ya makireti ena 25, mafuta n'kukwera kufika pa malita 11, mwalipira K38,500 pa makireti 65, imene ndi pafupifupi K590 pa kireti. Mukanayenda maulendo awiri opanda ngolo mukanamwetsa pafupifupi malita 16. Apa ngolo yapindula. Koma mukakoka ngoloyo muli makireti 10 okha, mafuta n'kufika pa malita 10, ndiye kuti K35,000 pa makireti 50, yomwe ndi K700 yomwe ija, pomwe mwadyetsa matayala ndi mabuleki pachabe. Ngolo yosadzaza isiyeni kunyumba. N'chifukwa chake amalonda ogwirizana, amene amasonkhanitsa katundu wawo tsiku limodzi, amalipira zochepa pa dengu kusiyana ndi woyenda yekha.

Ngolo ikayamba kuvina

Kupulumutsa mafuta kulibe phindu ngati katundu akathera m'ngalande. Ngolo yopakiridwa molakwika imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, makamaka mukamatsetsereka kapena mukamapishana ndi lole yaikulu imene mphepo yake imakukankhani. Chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi kulemera kochuluka kumbuyo kwa matayala a ngolo.

Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse kwa ngolo litsamire pa cholumikizira. Ngati ngolo ndi katundu wake zikulemera makilogalamu 600, pa cholumikizira pazitsamira pafupifupi makilogalamu 60. Mukaona kuti chitsulo chokokera chikunyamuka chokha mukachimasula, dziwani kuti kumbuyo kwalemera, pakiraninso. Mukaonanso kuti kumbuyo kwa pikapu kwaphwathalala ndipo kutsogolo kwadzuka, ndiye kuti mwapyola, chiwongolero ndi mabuleki sizigwira bwino.

Ngolo ikayamba kuvina muli pa ulendo, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero molunjika, musaponde mabuleki mwamphamvu ndipo musayese kuthamangitsa kuti iwongoke. Ikakhazikika imani n'kukonza kapakiridwe.

Opanga magalimoto ambiri amaika malire a makilogalamu 750 pa ngolo yopanda mabuleki akeake, kuphatikiza kulemera kwa ngoloyo. Onani buku la galimoto yanu kuti mudziwe malire ake. Matcheni otetezera, magetsi a kumbuyo ndi zonyezimira zikhale zogwira ntchito, poti maulendo athu ambiri amayamba kusanache. Za mapepala a ngolo ndi chiphaso choyenera dalaivala, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic musanayambe kuikoka. Chindapusa cha tsiku limodzi chikhoza kudya zonse zimene mwapulumutsa pa mwezi.

Njira ziwiri zachinyengo

Pali zizolowezi ziwiri zimene madalaivala ena amati zimasunga mafuta koma ndi misampha. Choyamba ndi kuchotsa giya kapena kuzimitsa injini potsetsereka. Galimoto yodzaza, makamaka yokoka ngolo, imafuna injini kuti iziigwira. Mukaisiya pa mabuleki okha amatentha n'kuleka kugwira, ndipo injini ikazima mabuleki ndi chiwongolero zimalimba. Komanso injini zambiri zamakono zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, choncho palibe chimene mukupulumutsa.

Chachiwiri ndi kumamatira kumbuyo kwa lole kapena basi kuti ikutchingireni mphepo. N'zoona kuti mphepo imachepa pamenepo, koma simuona kutsogolo, ndipo loleyo ikaima mwadzidzidzi inu ndi katundu wanu mulibe poimira. Lita imodzi siingagule moyo.

Zazing'ono zothandizira

Tayala lopanda mpweya wokwanira limakanirira pa msewu ngati njinga yophwa, limamwa mafuta, limatentha ndipo likhoza kuphulika. Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, pamodzi ndi a ngolo amene ambiri amawaiwala. Mlingo woyenera umalembedwa pa chimata cha pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo wa galimoto yodzaza umakhala wokwererapo kuposa wa yopanda katundu. Sefa ya mpweya imatsekeka msanga m'miyezi yafumbi ya Seputembala ndi Okutobala, choncho iziyang'anidwa. Mabuleki ogwira okha ndi mabering'i ouma a ngolo amadziwika pokhudza pafupi ndi gudumu mutayenda pang'ono: likatentha kuposa anzake pali vuto. Podikira kuti amalonda amalize kupakira, zimitsani injini. Mukaona hampu kapena malo oimitsira magalimoto patsogolo, chotsani phazi pa moto muli patali, chifukwa buleki iliyonse yamphamvu ndi mafuta amene mwawotcha kale n'kuwataya.

Yesani nokha, musangomva za ine

Gulani kope kapena mutenge lotsala la mwana, likhale m'galimoto. Dzazani thanki, lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka pa dashibodi. Yendani maulendo anu monga mwa masiku onse kwa sabata imodzi. Mukadzazanso thanki lembani malita amene alowa ndi nambala yatsopano. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malitawo. Mukayenda makilomita 240 n'kudzaza malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 8. Nthawi imene mafuta akusowa ndipo simungadzaze thanki, lembani malita onse amene mwathira kwa mwezi wathunthu, ndipo muyambe ndi kumaliza muvi wa mafuta uli pamalo amodzimodzi.

Sabata yachiwiri sinthani zinthu ziwiri zokha: katundu asapitirire denga, ndipo liwiro lisapyole 65 pa tala. Yerekezani zotsatira. Ngati mwachoka pa makilomita 8 kufika pa 10 pa lita, ulendo wa makilomita 80 watsika kuchoka pa malita 10 kufika pa 8. Pa K3,500 imeneyo ndi K7,000 pa ulendo, ndipo pa maulendo 12 a pa mwezi ndi K84,000. Galimoto iliyonse ipereka nambala yakeyake, ina yocheperapo, ina yokulirapo, koma kopelo silinama.

Eni magalimoto amene mumapatsa dalaivala ndalama ya mafuta m'mawa, muuzeni kuti gawo la zimene zapulumuka likhala lake. Dalaivala amene akudziwa kuti malita otsala ali ndi phindu kwa iye sapondanso moto mwachisawawa.

Kwa inu ochita hayala

Mwina mukuti galimoto si yanga, izi zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani pokambirana mtengo. Funsani mwini galimoto kuti ulendowo umadya malita angati, muchulukitse ndi mtengo wa tsikulo, mugawe ndi chiwerengero cha madengu. Mukatero mudziwa gawo la mafuta pa dengu lililonse, ndipo mafuta akakwera mudziwa kuti hayala iyenera kukwera ndi zingati, osati kungovomera chilichonse. Kumbukirani kuti mwini galimoto alinso ndi matayala, oyilo, inshuwalansi ndi malipiro a dalaivala, choncho mafuta si mtengo wonse.

Fikani pamalo opakirira nthawi yake kuti dalaivala asakhale ndi chifukwa chothamangira. Musamukakamize kuwonjezera mzere wina pamwamba chifukwa choti mnzanu wabwera mochedwa ndi madengu atatu. Ngati mungathe, gwiritsani ntchito makireti ofanana msinkhu, chifukwa amasanjika bwino, amatenga malo ochepa ndipo tomato wa pansi saphwanyika. Gwirizananinso za katundu wobwerera naye, monga shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira zochokera m'mashopu a ku Limbe, kuti mafuta a pobwerera nawonso akhale ndi wowalipira.

Mawa m'mamawa, musananyamuke, kaimeni kutsogolo kwa galimoto mamita angapo n'kuiyang'ana. Chilichonse chimene mukuchiona chitatumphuka pamwamba pa denga kapena chitatulukira m'mbali, chitsitseni kapena chisunthireni mkati. Kenako lembani nambala ya makilomita m'kope muja, ndipo sabata ikatha muwerengere limodzi ndi anzanu.